Kukatikitidwa Kapena Kupita ku Mafizo? Yambani Mwadziwa Ngati Thupi Latopa Kapena Lavulala

Mabanja ambiri a mumpingo mwathu amva uthenga wa zaumoyo ndipo ayamba kuutsatira. Lamulungu m'mawa achinyamata amakhala ali pabwalo la mpira. Amayi ena ayambiranso mpira wamanja umene anausiya ali kusukulu, ndipo abambo amene adokotala anawachenjeza za bipi ndi shuga akumathamanga m'mbali mwa msewu kusanache. Zimenezi n'zosangalatsa. Koma thupi likayamba ntchito imene silinaizolowere, zowawa nazo sizichedwa kubwera: bondo lotupa, akatumba olimba ngati mwala, msana wokana kuwerama. Pamenepo m'nyumba mumabuka funso lakuti munthuyu apite kuti.

M'matauni mwathu tsopano muli malo ambiri otikita minofu, ndipo ena amalengeza kuti amadziwa kutikita anthu amasewera. Kuchipatala nako kuli chipinda cha mafizo. Poti onsewa amagwira thupi ndi manja, anthu ambiri amaona ngati ntchito yawo ndi imodzi, kungosiyana mtengo ndi kutalika kwa mzere. Komatu ntchito zake n'zosiyana, ndipo nthawi zina kusankha molakwika kumatayitsa zambiri kuposa ndalama.

Zinachokera kumodzi

Kusokoneza ziwirizi sikodabwitsa, chifukwa ntchito ya mafizo inabadwira m'ntchito yotikita. Mu 1894 anamwino anayi a ku Britain anakhazikitsa bungwe lotchedwa Society of Trained Masseuses. Chaka chomwecho magazini ya madokotala ya British Medical Journal inali itaulula kuti nyumba zina za mu London zimene zinkati n'zotikitiramo minofu zinali zobisaliramo chiwerewere. Amayi aja ankafuna kuyeretsa dzina la ntchito yawo, choncho anaika lamulo lakuti wotikita aziphunzira za thupi la munthu, azilemba mayeso, ndiponso azithandiza odwala amene atumizidwa ndi dokotala. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itabweretsa asilikali ambirimbiri ovulala, kenako miliri ya poliyo itapundula ana ochuluka, ntchitoyi inakula n'kupitirira kutikita. Inayamba kuphunzitsa odwala kulimbitsa minofu, kuwongola mfundo zouma ndi kuyambiranso kuyenda. Mu 1944 bungwe lija linasintha dzina n'kukhala Chartered Society of Physiotherapy.

Ife a Adventisti tili ndi gawo lathu m'mbiri imeneyi. Chipatala choyamba cha mpingo chinatsegulidwa mu 1866 ku Battle Creek, m'chigawo cha Michigan ku America, ndipo Dr John Harvey Kellogg atayamba kuchitsogolera mu 1876 chinatchuka ndi kuchiza pogwiritsa ntchito madzi, kutikita, zakudya ndi masewera olimbitsa thupi. Mu 1895 Kellogg anatulutsa buku lonse lophunzitsa katikitidwe, lotchedwa The Art of Massage. Motero palibe chifukwa choti Mkhristu aziona kutikita ngati chinthu chachilendo kapena chokayikitsa. Koma pali mfundo imene timaiwala tikamanyadira mbiriyi. Ku Battle Creek wodwala ankayamba wapimidwa ndi dokotala, ndipo otikita anali anthu ophunzitsidwa amene ankatsatira zimene dokotalayo walemba. Ndimaona kuti ife okonda njira zachilengedwe tili ndi yesero lathulathu, loganiza kuti chilichonse chopanda mapiritsi ndi jakisoni sichingapweteke munthu. Manja nawo amavulaza akagwira pamalo posayenera pa nthawi yosayenera.

Zimene kutikita kumachita

Masaji a anthu amasewera anakonzedwera thupi labwinobwino limene lagwira ntchito yambiri. Munthu amene wakwera phiri la Mulanje ndi a Pathfinder, kapena wasewera mpira patapita miyezi asanasewere, amadzuka mawa lake ntchafu ndi akatumba zikuphwanya. Ululu woterewu umayamba patapita maola angapo, umafika pachimake pakati pa tsiku limodzi ndi masiku atatu, kenako umatha wokha sabata isanakwane. Kawirikawiri umamveka mbali zonse ziwiri, umakhala m'minofu osati pafupa, ndipo munthu akayamba kuyendayenda umachepako. Apa wotikita waluso amathandiza. Ululu umatsikako, minofu imamasuka, mtima umakhala m'malo, ndipo ambiri amagona bwino usiku umenewo. Chimodzimodzinso mayi amene wakhala tsiku lonse pamakina osokera, kapena bambo woyendetsa kabaza amene mapewa auma.

Pali zina zimene otikita amakonda kunena zomwe sizoona. Mudzamva kuti akufinya lactic acid kapena akutulutsa poizoni m'minofu. Asidi ameneyu thupi limamuchotsa lokha pakangotha ola limodzi kapena kupitirira pang'ono munthu atasiya kuthamanga, ndipo si iye amachititsa kuphwanya kwa mawa lake. Kuphwanyako kumadza chifukwa timinofu tating'onoting'ono tavulala pang'ono ndipo thupi likutikonza. Ntchito yochotsa zoipa m'magazi ndi ya chiwindi ndi impso. Kutikita sikulunzanitsa mtsempha woduka, sikubwezera fupa m'malo mwake, ndipo sikulimbitsa mnofu wofooka. Ubwino wake ndi weniweni koma ndi wa masiku owerengeka. Ndipo mwambi uja wa pabwalo wakuti zikamawawa kwambiri ndiye kuti zikugwira ntchito musautengere. Ngati mwachoka pabedi lotikitira muli ndi mikwingwirima, wotikitayo wapyola muyezo.

Zimene wa mafizo amachita

Kusiyana kwakukulu kuli poyambira. Wa mafizo amayamba ndi mafunso: ululu unayamba liti, munkatani, munamva kulira m'bondomo kapena ayi, kunatupa nthawi yomweyo kapena mawa lake, usiku mumagona bwanji, mukumwa mankhwala anji. Kenako amakuyendetsani, amapinda mfundoyo, amayerekeza mphamvu za mwendo wovulala ndi za unzake, amakoka fupa pang'ono kuti aone ngati mitsempha yomanga mafupa ikadali yolimba. Akatero amadziwa ngati vutolo ndi lake, kapena ngati muyenera kukajambulidwa kaye ndi kuonana ndi dokotala wa mafupa. Luso lodziwa nthawi yoti asakugwireni ndilo lalikulu pa zonse zimene anaphunzira.

M'Malawi maphunziro a digiri ya mafizo anayamba mu 2010 ku College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Ophunzira amatha zaka zosachepera zinayi akuphunzira kapangidwe ka thupi, matenda ndi kugwira ntchito m'mawodi, ndipo akamaliza amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Ku Zambia amalembetsa ku Health Professions Council of Zambia. Izi zikutanthauza kuti wodwala akachitidwa zosayenera ali ndi kokadandaula. Maphunziro a otikita amasiyanasiyana kwambiri. Ena anaphunzira mozama kwa miyezi yambiri ndipo amadziwa malire a ntchito yawo, pomwe ena anangoonera anzawo kwa masabata angapo. Abale athu okhala ku Britain adziwenso kuti kumeneko lamulo limaletsa munthu kudzitcha wa mafizo asanalembetse ku Health and Care Professions Council, koma dzina la wotikita anthu amasewera silitetezedwa ndi lamulo lotero.

Wa mafizo naye amatha kutikita akaona kuti n'kofunika, koma chida chake chachikulu ndi masewera amene amakupatsani kuti muzichita kunyumba. Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa. Munthu wadikira pamzere kuyambira m'mawa, akuyembekeza kugona pabedi n'kusisitidwa, koma akungouzidwa kuti aziima ndi mwendo umodzi, azinyamuka pampando kakhumi osagwira, azikweza chidendene atatsamira khoma. Amatuluka akuti sanathandizidwe. Chikhalirecho wapatsidwa mankhwala enieni, kungoti mankhwalawo amamwedwa ndi thukuta, tsiku ndi tsiku, kwa masabata angapo.

Masiku atatu oyambirira

Kwathu kuno munthu akabinya phazi, agogo amatereka madzi, amaviika nsalu n'kuyamba kuthowa, kenako amasisita ndi mafuta mpaka wovulalayo atakuwa. Amachita izi mwachikondi, ndipo kuthowa kuli ndi nthawi yake. Koma pa masiku awiri kapena atatu oyambirira, m'kati mwa malo ovulalawo timitsempha ta magazi timakhala tikuchucha. Kutentha ndi kusisita kumawonjezera kuchuchako, kutupa kumakula, ndipo kuchira kumachedwa. A mafizo amalangiza kupewa zinthu zinayi m'masiku amenewa: kutenthetsa, kutikita, kubwerera kothamanga, ndi mowa, umene kwa ife si nkhani. Choyenera ndi kupumitsa chiwalocho, kuchikweza pamtsamiro, kuchimanga ndi bandeji mosathina kwambiri, ndi kuikapo nsalu ya madzi ozizira kapena ayezi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 15 mpaka 20 kuti ululu uchepe. Masiku amenewa akadutsa, kuyamba kupondera pang'onopang'ono kumathandiza kuposa kungogona.

Ntchafu imene yamenyedwa ndi bondo la mnzanu pa mpira ndi yofunika kuisamala mwapadera. Magazi amaunjikana m'kati mwa mnofu, ndipo akatikitidwa mwamphamvu msanga, nthawi zina thupi limayamba kupanga fupa m'kati mwa mnofuwo. Vutoli madokotala amalitcha myositis ossificans. Mnyamata amene akanachira m'masabata awiri kapena atatu amatha miyezi bondo likukana kupindika.

Nanga mudziwa bwanji ngati phazi langobinya kapena fupa lathyoka? Madokotala a ku Ottawa m'dziko la Canada anatulutsa njira yosavuta mu 1992 imene zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito mpaka lero. Ngati munthu sangathe kuyenda mapazi anayi atapondera mwendo wovulalawo, kapena ngati akumva kuwawa mukadina pafupa lenileni kumbuyo kwa kakolo, mbali ya kunja kapena ya m'kati, kapenanso pakafupa kotumphuka ka m'mbali mwa phazi, ayenera kukajambulidwa. Woteroyo asapite kotikitidwa. Fupa losweka limene lakhala likukokedwa ndi kufinyidwa kwa masabata awiri limavuta kulunzanitsa kuposa limene laikidwa chikhakha tsiku lomwelo.

Atsikana ndi amayi a mpira wamanja amvetsere za bondo. Masewerawa amafuna kudumpha, kutera ndi kuima mwadzidzidzi, ndipo ndi pamene mtsempha wa m'kati mwa bondo wotchedwa ACL umakonda kuduka. Wovulalayo nthawi zambiri amamva kulira kuti thwa, bondo limatupa m'maola ochepa, ndipo pambuyo pake limagwedera akamatembenuka. Kutupa kukatha amaona ngati wachira, makamaka ngati kutikita kwachepetsa ululu, koma bondo logwedera limapitiriza kudya chichereechere cha m'kati mwake. Enanso, makamaka abambo a zaka za m'ma 30 ndi 40 amene amasewera mwa apo ndi apo, amamva ngati wina wawamenya kumbuyo kwa chidendene, akacheuka palibe munthu. Kumeneko kumakhala kuduka kwa mtsempha waukulu wa kuchidendene, ndipo kumafuna chipatala tsiku lomwelo.

Pamene kutikita kungathe kupha

Tiyerekeze kuti m'bale wanu wangofika kuchokera ku Joni pa basi, atakhala pampando kupitirira tsiku lathunthu kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete. Patapita masiku awiri akudandaula kuti katumba wa mwendo umodzi akuwawa, watupa ndipo akutentha. N'zosavuta kuganiza kuti ndi kutopa kwa paulendo n'kumufunira wotikita. Koma zizindikiro zimenezi zingatanthauze kuti magazi aundana mumtsempha wa m'kati mwa mwendo. Kufinya malowo kungathe kusuntha magazi oundanawo n'kupita kukatseka mitsempha ya m'mapapo, ndipo munthu atha kufa m'mphindi zochepa. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi amayi oyembekezera kapena amene angobereka kumene, anthu amene achitidwa opaleshoni posachedwa, ogona nthawi yaitali chifukwa cha matenda, odwala khansa, ndi amayi akumwa mitundu ina ya mapiritsi olera. Mwendo umodzi ukatupa popanda kuvulala, musausisite. Pitani kuchipatala. Ngati munthuyo wayamba kubanika kapena kumva kulasa m'chifuwa, musadikire kuti dzuwa lilowe ngakhale lili Sabata, pakuti kupulumutsa moyo ndi ntchito yoyenera tsikulo.

Ana nawo ndi ena. Mwana amene akutsimphina, mwendo kapena mfundo yatupa, thupi likutentha, angathe kukhala ndi mafinya m'fupa kapena m'mfundo ngakhale atanena kuti anagwa dzulo posewera. Matendawa amawononga fupa m'masiku ochepa ndipo amafuna mankhwala a kuchipatala msanga. Odwala shuga amene mapazi awo amachita dzanzi asathowedwe ndi madzi otentha, chifukwa amapsa osamva, ndipo chilonda cha paphazi la wodwala shuga chimavuta kupola. Akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, ndi agogo a mafupa ofooka, asatikitidwe mwamphamvu.

Nkhani ya msana

Ambiri amene amafuna kutikitidwa si amasewera ayi, koma a msana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni anali ndi ululu wa m'munsi mwa msana. Nkhani yabwino ndi yakuti ululu wambiri wa msana sukhala ndi choopsa kumbuyo kwake, ndipo umachepa m'masabata ochepa munthu akamayendayenda m'malo mogona. Mu Disembala 2023 WHO inatulutsa malangizo a msana wowawa kwa nthawi yaitali. Kutikita kuli m'gulu la zinthu zimene zingathandize, pamodzi ndi masewera olimbitsa thupi ndi kuphunzitsa wodwala za vuto lake, ndipo bungweli linati kawirikawiri njira imodzi payokha sikwanira. Malangizo a ku Britain a mu 2016 ananena mosabisa kuti kutikita kuziperekedwa pokhapokha ngati kukuyendera limodzi ndi masewera. Choncho munthu amene wakhala akulipira masaji mwezi ndi mwezi kwa chaka chonse, msana n'kumabwereranso pakatha masiku atatu, angachite bwino kutenga ndalama za ulendo umodzi kapena iwiri n'kukapimidwa ndi wa mafizo.

Koma kuno kwathu msana uli ndi mdani amene mabuku a kunja satchula kawirikawiri, ndiye TB ya m'mafupa a msana. Ululu wake umayamba pang'onopang'ono, umapitirira kwa masabata kapena miyezi, susintha munthu akapuma, ndipo nthawi zambiri umakula usiku. Wodwala amatha kuonda, kutuluka thukuta usiku ndi kumva kutentha thupi, ndipo ena amatuluka kanundu pamsana. Ikachedwa kupezeka, mafupa amaphwanyika n'kupanikiza mitsempha ya mumsana, miyendo n'kufa. Ikapezeka msanga imachizika ndi mankhwala a TB, amene m'zipatala za boma ndi aulere. Mwezi uliwonse umene munthu wotere wathera pabedi lotikitira ndi mwezi umene matenda akudya fupa. Chizindikiro china chosafuna kuchedwa ndi dzanzi pakati pa miyendo ndi kumatako, miyendo kufooka, kapena kulephera kukodza ndi kudzigwira chimbudzi. Zimenezi zikaoneka, ngakhale pakati pa usiku, munthuyo anyamulidwe.

Kumene mungapite, ndi zoti mufunse

Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu zili ndi zipinda za mafizo, ndipo thandizo la m'zipatala za boma ndi laulere. Ku Blantyre kulinso Kachere Rehabilitation Centre, kumene amathandiza anthu amene anafa ziwalo chifukwa cha sitiroko kapena kuvulala msana, ndi chipatala cha Beit CURE chimene chimathandiza ana a mavuto a mafupa. A mafizo akadali ochepa poyerekeza ndi anthu owafuna, choncho mzere umatalika, ndipo okhala kumidzi amayenera kuyambira kuchipatala chaching'ono kapena cha m'boma lawo kuti akapimidwe ndi kulemberedwa kalata. Ulendo woyamba tengani buku lanu la kuchipatala, zithunzi za ekisileyi ngati zilipo, mankhwala amene mukumwa, ndi zovala zosavuta kupinda. Musachite manyazi kupempha kuti akulembereni kapena kukujambulirani masewerawo papepala, ndi kufunsa kuti muzichita kangati patsiku ndiponso ululu wotani umene uyenera kukuimitsani.

Ngati mwatsimikiza kuti thupi langotopa ndipo mukufuna kukatikitidwa, funsani kumene wotikitayo anaphunzira. Wotikita wabwino amayamba wafunsa za matenda amene muli nawo ndi mankhwala amene mukumwa, amafunditsa mbali za thupi zimene sakuzigwira, amachepetsa mphamvu mukanena kuti zikuwawa, ndipo akaona chotupa chimene sakuchimvetsa amakubwezani kuti mukaonane ndi dokotala. Amene amalonjeza kuchiritsa shuga, bipi kapena kusabereka ndi manja ake, kapena amene akukuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala, muthaweni. Vuto limene anamwino a ku London analimbana nalo mu 1894 silinathe, ndipo si chikwangwani chilichonse cholembedwa masaji chimene chili ndi ntchito yoyera kumbuyo kwake. Ndi ufulu wanu kupempha wotikita wamkazi ngati ndinu mayi, kapena wamwamuna ngati ndinu bambo, ndipo mwana asalowe yekha m'chipinda, kaya kotikitidwa kaya ku mafizo.

Nthawi zina ziwirizi zimayendera limodzi. Wothamanga amene wa mafizo wamupima n'kumupatsa masewera angathe kumakatikitidwa akatopa ndi kukonzekera mpikisano, bola wotikitayo auzidwe malo amene anavulala ndi zimene wa mafizo waletsa. Ndipo kutikita kopepuka kwa mapewa ndi msana wotopa sikufuna ndalama. Mwamuna ndi mkazi wake angathe kuchitirana madzulo akatha mapemphero a banja, ndi mafuta ophikira ochepa m'manja, osadina pafupa la msana lenilenilo.

Banja lili ndi ntchito inanso, yokumbutsa wovulala masewera ake ululu ukatha, chifukwa ndi pamene ambiri amasiyira. Phazi limene linabinyapo limakonda kubinyanso, popeza mitsempha imene imauza ubongo mmene phazi lapondera imakhala itasokonezeka, ndipo masewera ophunzitsa kuima mosagwedera amachepetsa kubwereza kumeneku. Wa mafizo akalola, mnyamatayo aziima ndi mwendo wovulalawo kwa masekondi 30 ali pafupi ndi khoma, kangapo patsiku. Zikayamba kuphweka aziima atatsinzina, kenako ataponda pamtsamiro, kenako mng'ono wake akumuponyera mpira. Abwerere pabwalo pokhapokha atatha kudumpha ndi mwendo umenewo ndi kutembenuka akuthamanga popanda ululu kapena kugwedera.